Waya wa Buleki pa Mbedza ya Bambo

Waya wa buleki ya njinga yanga waduka lero pa Benga. Fungo la dzimbiri m'zala landikumbutsa bambo anga kumtsinje wa Bua, atakhala pansi pa mango, akumasula waya ngati womwewu. Kachingwe kamodzi ankakapota pakati pa mbedza ndi ulusi, n'kukoka ndi mano.

"Bambo, waya wa njinga ukafunanji m'madzi?"

"Ncheni ili ndi mano, mwanangu. Ulusi wokha imangodula n'kumapita."

Ine sindinakhutire. Ndinauza anzanga onse kuti nsomba ikameza mbedza ya bambo imagwira buleki n'kuima chilili. Bambowo ndinkawavutitsa kuti anditenge ndikaione ikuima.

Ndinadzazindikira nditakula chifukwa chomwe bambo ankaimitsira njinga yawo ndi chidendene.