Tsiku lomwe ndinakutsekerani m'nyumba

Anganga, lero mwandipeza mulaibulale muno. Aphunzitsi atipatsa asayimenti ya matenda a ubongo a okalamba, ati tisafunse munthu aliyense, tingowerenga zomwe ena anafufuza kale. Ndiye ndikuwerenga pepala lina, eee, ndi inuyo ndendende! Kuiwala ana anu, kusochera pamudzi panu pomwe. Ati ndi dimenshiya, ubongo umachita kufota pang'onopang'ono. Ife tinkangoti anakulodzani.

Basi ndangokumbukira tsiku lija amayi anapita kumaliro ku Chisi n'kundisiyira kiyi. Anati ndisakutsegulireni zivute zitani, paja dzana lake anthu anali atakutolani m'matope kumtsinje wa Likangala. Munagogoda chitseko mpaka masana: "Achimwene, tsegulani, mbalame zikutha mpunga wanga!" Achimwene, ine mdzukulu wanu? Mpungawonso munasiya kulima kalekale. Ine ndili pakhonde, kiyi ali m'thumba, n'kukunamizani kuti wasowa. Inu munangoti, "Chabwino bambo, ndidikira." Zaka ziwiri zatha chimwalirireni inu, koma mawu amenewo sakundisiya. Ndawerenga mapepala ambirimbiri, Anganga, onse akufotokoza bwino za ubongo wanu. Palibe olo limodzi lomwe landiuza ngati ndinkayenera kutsegula.