Msonkho wa nyumba sudziwa kuti mkati muli ophunzira

Lachiwiri masana, nditangobwera kuchokera kuntchito, ndinapeza Tadala atakhala pakhomo panga ku Tallaght, kalata ili m'manja. Tadala ndi mwana wa mchimwene wanga. Akuphunzira pa koleji ina muno mu Dublin, ndipo amachita lendi nyumba ku Crumlin pamodzi ndi anzake atatu, onse ana asukulu.

"Azakhali, tawerengani izi," anatero.

Kalatayo inachokera kwa landilodi, mwini nyumba ya ku Crumlin ija. Akuti boma labweretsa msonkho watsopano wa nyumba, choncho lendi ikwera mwezi wamawa.

Tadala sankaoneka wodandaula. "Sakudziwa malamulo bamboyu. Mnzanga wa ku England wandiuza kuti nyumba yokhala ophunzira okhaokha salipiritsa msonkho. Tingomupatsa makalata a kukoleji basi."

Ndinamukhulupirira. Inunso mukanakhulupirira, si choncho? Zimamveka zachilungamo.

M'mawa mwake tinapita ku ofesi ina yopereka uphungu kwaulere. Mayi amene tinamupeza anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu. Anati zimenezo ndi za kutsidya, ku England. Kuno msonkho umalembedwa pa dzina la mwini nyumba, ndipo sufunsa kuti m'zipindamo mukugona ndani.

"Ndiye kuti ife sukutikhudza?" Tadala anafunsa.

"Papepala, ayi," mayiyo anayankha, maso ali pa tebulo.



Lachisanu ndinapita ku Crumlin kuti ndikaonane ndi landilodiyo. Ndinali nditakonzeka kukangana naye. Koma ndinapeza bambo wachikulire, jekete yong'ambika pachigongono, akukonza yekha mpopi wa kukhitchini. Anandiuza kuti anali mmisiri womanga nyumba. Chiyambireni mavuto azachumawa palibe amene wamuitana kuntchito. Mwana wake yekhayo anapita ku Australia kukasaka ganyu, ndipo mdzukulu wake amangomuona pa kompyuta.

"Atsikanawa ndi abwino," anatero. "Koma ine ndilibenso poti nditenge."

Munthu wotere ungamukalipire bwanji?

Pa anzake a Tadala pali Misozi, mtsikana wa ku Chipata, amene amakolopa maofesi kufupi ndi eyapoti. Viza ya ophunzira imamulola kugwira ntchito maola owerengeka pa sabata, ndipo ngakhale maolawo abwana ake anawadula kale. Misoziyo anamvetsera zonse ataima pamasitepe, kenako anati, "Anti, ine nayesa. Nizayenda cabe kunyumba."

Kwamutsalira chaka chimodzi kuti amalize. Pamene ndinkachoka n'kuti akufunsa anzake ngati alipo angagule mabuku ake.

Ndakhala ndikuganiza zinthu ziwiri sabata yonseyi.

Choyamba ndi cha ife tomwe. Timakonda kumva malamulo kwa anzathu pafoni. Wina akanena kuti ku Leeds, ku England, zimatere, timaganiza kuti Ulaya yense ndi mudzi umodzi. Ndi angati mwa ife anasaina mapepala a nyumba, kapena kuitanitsa mwana kuchokera kumudzi, atangodalira za "ndamva kuti"? Ine ndemwe, ndi zaka zonse ndakhala kunozi, ndinatsagana ndi mwana ku ofesi ndili ndi chikhulupiriro chonse.

Chachiwiri n'cholemera. Amene analemba lamuloli anganene moona mtima kuti sanakhometse msonkho wophunzira aliyense. Koma msonkho ukafika pa mwini nyumba suima pamenepo. Umatsika masitepe, n'kukagogoda kuchipinda cha amene alibe wina woti amukankhire. Boma lakankhira landilodi, landilodi wakankhira Misozi. Nanga Misozi akankhire ndani?

Sindikunena kuti dziko lino lisatolere msonkho. Ndimaona ndi maso anga masitolo otsekedwa ndi mizere ya anthu ofuna ntchito. Aliyense akuvutika. Koma kodi panalibe ngakhale mmodzi m'chipinda chimene ankakambiranamo amene anakumbukira kuti m'nyumba zina mumakhala ana amene malamulo omwewo sawalola kugwira ntchito tsiku lonse?

Dzulo mchimwene wanga anaimba kuchokera ku Zomba, mawu ali osangalala. Wagulitsa puloti yake. Akufuna mng'ono wake wa Tadala abwere kuno chaka chamawa.

"Paja ana asukulu amawasamala bwino kumeneko, eti mlongo?"

Ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, ndimuimbira Lamulungu. Inu awerengi, Lamulungu likafika ndimuuze chiyani?