Njuchi zakuda za mayi Tumpale

Pamene ndinakwatiwa kuno kumtunda kwa Rungwe, mayi Tumpale Mwakibete ndinawapeza ali kale ndi ming'oma. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali munda wa nthochi basi. Achimwene awo ankaopa njuchi kuyambira ali mwana, ndiye bambo awo atamwalira, ming'oma khumi ndi iwiri yogoba pamtengo inagwera mayi Tumpalewo.

Njuchi za kuno ndi zakuda, zazikulupo ndiponso zofatsa. Zimatuluka nkhungu isanachoke, ife tikadali pamoto ndi tiyi m'manja. Mayi Tumpale ankafula masanasana, atangomanga chitenje, ndi kautsi ka masamba ouma a nthochi. Uchi sunkachuluka, koma panalibe chaka chimene unasowa.

Achimwene awo aja anali ndi mwana, Gwakisa, amene ankachita malonda kuchigwa ku Kyela, kotentha kolima mpunga kuja. Chaka china anatulukira ndi galimoto itanyamula mabokosi asanu ndi atatu opaka utoto woyera, njuchi zili momwemo. Zinali zazing'ono, za mizere yachikasu. Anaziika m'munda wa bambo ake, kuchita malire ndi ming'oma ya azakhali akewo.

"Azakhali, njuchi zanuzi zakalamba ngati inu nomwe," anatero akuseka. "Izi zimaswana ngati mbewa. Muona uchi chaka chino."

"Nanga mabulangete wazitengera?" anafunsa mayi Tumpale.

Gwakisa anaseka kwambiri, nabwerera kuchigwa.

Miyezi yoyamba zinaswanadi, mpaka anthu ena anayamba kunena kuti mnyamatayo waganiza bwino. Ana anasiya kudzera njira ya kumeneko chifukwa cha mbola, koma zimenezo tinkati n'zopirira. Kenaka Juni anafika ndi kuzizira kwake ndi mvula yamawawa ya masiku ambiri. Njuchi zachikasu zija sizinkatuluka mpaka dzuwa litafika pamutu, ndipo masiku ena dzuwalo silinkaoneka n'komwe. Zinatha chakudya chawo, n'kuyamba kulowa m'ming'oma ya mayi Tumpale kukaba. Pansi pa mitengo pankakhala njuchi zakufa, zakuda ndi zachikasu, ngati wina wakhuthula nyemba. Pofika Ogasiti mabokosi asanu anali zii.

Gwakisa anaimba foni kupempha azakhali ake kuti akamuonere. Ine ndinawaperekeza. Atatsegula bokosi loyamba, fungo lake linatibweza m'mbuyo. Njuchi zinali zitathawa kale n'kusiya ana awo m'zisa, ndipo anawo anali atawola, ali nyeketenyekete. Mphutsi zonenepa zinkayendayenda m'phula, mphemvu zili balalabalala, madzi akuda akudontha pakona. Mayi Tumpale anabwezera chivindikiro, natsonya, nalavulira kumbali. Kunyumba anasamba m'manja ndi phulusa katatu. Ndinawapatsira mbalaga, ndiye kuti nthochi zophika ndi nyama, madzulo ake, koma inabwerera osaikhudza. Anati pazaka zawo zonse anali asanaonepo njuchi yosiya ana ake kuti awole.

Choipitsitsa chinabwera chaka chotsatira. Mabokosi atatu otsala aja anali ndi njuchi zazimuna zambiri, ndipo zinakwera mafumukazi a mayi Tumpale. M'ming'oma ya bambo awo munayamba kubadwa njuchi zosadziwika mtundu, zakuda koma za kamzere kachikasu pamimba, zaukali ngati mavu. Tsiku lina m'mawa zinagwera mbuzi yanga imene ndinaimangirira m'nthochi. Pomwe tinkadula chingwe n'kuti itatupa mutu wonse, lilime lili panja. Inafa tisanafike nayo pakhomo. Ine sindinawaimbe mlandu, koma iwo anakhala sabata yathunthu osandiyang'ana kumaso.

Pambuyo pake anayendera ming'oma yonse umodziumodzi, akugwira njuchi pakhomo ndi zala ziwiri n'kuitembenuza kuti aone pamimba. Itatu yokha ndiyo inali ndi zakuda zenizeni. Imeneyo tinainyamula pamutu, ine ndi amayi ena a kutchalitchi, kukwera nayo maola awiri mpaka m'mphepete mwa nkhalango ya nsungwi, kumene njuchi ya kuchigwa singathe sabata. Yotsalayo anaifukiza utsi wa tsabola mpaka njuchi zonse zitachoka, ndipo anaisiya yopanda kanthu.

Gwakisa anabwera pa Khirisimasi. N'kuti atasiya za njuchi, akugulitsa mbande za mapeyala. Atamva zonse sanapepese. Anati vuto linali la ife akumudzi, chifukwa nthawi yozizira njuchi zotero umazipatsa madzi a shuga.

Mayi Tumpale anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Iwe mwana wa achimwene, chinthu chodikira shuga wa m'manja mwa munthu si njuchi. Imeneyo ndi ntchentche. Chotsa mabokosi akowo, akununkhitsa munda."

Sanawachotse. Anawolera pomwepo, chiswe n'kumaliza.

Tsopano mayi Tumpale apitirira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo maondo akuwavuta, koma amakwerabe kunsungwi kawiri pamwezi ndi ndodo. Ming'oma yafika isanu ndi umodzi. Mwezi wathawu mkazi wa Gwakisa anatumiza uthenga kuti mwana wawo akutsokomola kwambiri, ndipo akupempha uchi. Mayi Tumpale anadzaza botolo lalikulu, nalikulunga bwinobwino m'masamba a nthochi, nandipatsa ine kuti ndikapereke kwa kondakitala wa basi. Nditawafunsa ngati pali mawu oti apite kwa bambo a mwanayo, anati ndinene kuti amwetse kasupuni kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo.