A Zakeyu ndi Mwendo wa Elinata

Kuno ku Zemba, zaka za m'ma 1950, dokotala tinkamuona mwa apo ndi apo. Masiku onse kachipatala kathu kanali m'manja mwa a Zakeyu, othandizira dokotala, bambo wamfupi, wadazi, wapakamwa. Ankatsuka chilonda uku akukalipa, ndipo ukachedwa kubwera ndi mwana ankakuzazira mpaka makutu kuwawa. Komabe tinkawakonda, poti bodza sankalidziwa.

Tsiku lina Idesi anabwera ndi khanda lake, Elinata, thupi lili moto. A Zakeyu analibaya jekeseni. Malungo anatha, koma mwendo unatupa, kenako unangoti lende.

Kumudzi anati ndi mdulo, ndiye kuti kholo lina layenda kumbali mwana akadali wakhanda. Maso onse anagwera Wadisoni, mwamuna wa Idesi, yemwe anali atangobwera kuchokera kuminda ya fodya. Analumbira mpaka kulira, koma mkamwini amamumvera ndani? Amalume a Idesi anamuuza kuti amange katundu azipita kwawo.

Dokotala atabwera anauyang'ana mwendowo, n'kuwaitanira a Zakeyu pambali.

"Singano inakhudza mtsempha. Zimachitika, koma usanene. Anthu akamva aziopa jekeseni, ndipo ana azifera kunyumba."

Sanali woipa mtima dokotalayo, ndipo zimene ananenazo zinali zomveka.

"Ndamva, bwana," anatero a Zakeyu. "Koma uko banja likutha chifukwa cha dzanja langali."

Anakwera njinga masana omwewo. Anapeza abale a Idesi ali pakhonde, Wadisoni ali chikhalire pansi yekha. Sanadikire n'komwe kuti awapatse mpando.

"Amalume, mkamwini wanuyu sanadule mwana. Ndine ndinabaya malo olakwika. Mwendowu mwina sudzachira. Pepani kwambiri."

Idesi anawatukwana mpaka mawu kusasa, ndipo ine sindimuda nazo. Zimene ananena dokotala zinachitikadi. Amayi ambiri anasiya kubwera kuchipatala, mpaka a Zakeyu anayamba kuwalondola m'midzi, akukalipa monga mwa masiku onse. Koma za kusamuka kwa Wadisoni palibe anazitchulanso.

Elinata anakula akutsimphina, koma anakula bambo ake ali pakhomo. Ndiwo ankamunyamula paphewa kupita naye kusukulu mvula ikagwa.

A Zakeyu atamwalira, Idesi sanapite kumaliro. Wadisoni anapempha adzukulu kuti amubwereke khasu, ndipo sanatuluke m'dzenjemo mpaka manda atatha.