Pepala la a Namakhwa

A Yosefe Namakhwa anagwira ntchito pa makina oumitsira tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, mufakitale ina ya kuno ku Mulanje imene sindiitchula dzina chifukwa inenso ndimadyera momwemo. Ine ndine Phillip, wa zamagetsi. Ndinawapeza atamera kale imvi, munthu wamfupi, wosayankhulayankhula, amene ankadziwa kuti tiyi wauma pongomufikisa m'manja n'kumununkhiza. Anabadwira ku Milonde, koma ana awo onse, Leah ndi abale ake, anakulira m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, imene akazi awo a Janeti anaizunguliza ndi nthochi ndi mapeyala.

Kampani itagula kachipangizo koyezera kutentha, ndine ndinakakhoma pakhoma pafupi ndi makina awo. Kanali kabokosi kotuwa, kolemba kutentha kwa mphepo yolowa ndi yotuluka mphindi iliyonse, n'kumasunga zonsezo m'kati mwake kwa masiku makumi atatu. Masikuwo akakwana, kankafufuta zakale kuti zatsopano zipeze malo. A Namakhwa sankakakonda. Ankakatcha kapitawo wopanda miyendo.

"Ndiye kameneka kazindiuza ine za moto?" anandifunsa tsiku loyamba.

"Sikakuuzani kanthu, madala. Kazingokuyang'anani."

"Kayang'ane bwino, kaphunzirepo ntchito."

Mu Febuluwale wa chaka china, masamba atachuluka ndi mvula, tiyi wa tsiku lathunthu anatuluka wopserera. Mabwana sanavutike kufufuza. Anati a Namakhwa akalamba, anasiya moto ukwere ali kuwodzera. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya iyi inali yabodza, ndipo mpaka lero ndikaiganizira mtima umandiwira. Tonse tinkadziwa kuti lamba woyendetsa masamba m'makinamo ankatsetsereka, masamba n'kumakhalitsa pamoto. A Namakhwa anali atadandaula za lambayo katatu konse. Anawaimitsa ntchito kudikira mlandu, n'kuwauza kuti akapezeka olakwa achoka, ndipo nyumba aituluka.

Apo ndipo ndinakumbukira kapitawo wopanda miyendo uja. Kanabwera ndi pulinta yake yaing'ono imene inangokhala m'katoni kusitolo ya fakitale chifukwa panalibe amene ankaifuna. Ndinakaitenga, ndinaipukuta fumbi, ndinalumikiza chingwe chake kunsi kwa kabokosiko, n'kusankha tsiku la tsokalo. Kapepala kanayamba kutuluka pang'onopang'ono, kakatali ngati lisiti la m'sitolo. Manambala ake anali oongoka kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Moto sunakwere ngakhale kamodzi.

A Namakhwa anawerenga mzere uliwonse ndi chala. Kenako anaseka.

"Kani kamunthu aka n'kachilungamo?"

Ndinafuna kusindikiza lachiwiri, koma mpukutu wa pepala unathera pomwepo. Ndikanatha kuitanitsa wina. Ndikanatha kukopera zonsezo pa fulashi, kapena kungojambula pepalalo ndi foni imene inali m'thumba mwanga. Sindinachite chilichonse mwa izi. Ndinati mlandu ndi sabata yamawa, pepala limodzi likwanira. Titapita nalo kwa manijala, anakana ngakhale kuligwira, ati tidzabwere nalo tsiku la mlandu. A Namakhwa analipinda bwinobwino, analiika mu envulopu, n'kulisunga m'thumba la m'kati la jekete yawo yopitira kutchalitchi.

Mlandu suola, amatero akuluakulu, koma kabokosi kaja sikadziwa mwambi. Mlanduwo anausuntha kawiri, ati bwana wina ali kutchuthi, kenako ati woimira antchito ali kumaliro. Unadzachitika patatha masabata asanu ndi limodzi, tsiku lija litafufutika kale m'kachipangizomo.

M'mawa wa tsikulo a Namakhwa anafika atatchena ngati akukaimira ukwati, jekete itasitidwa mpaka m'makona. Mabwana atamaliza zawo, iwo anaimirira mwaulemu, anapisa m'thumba, anatsegula envulopu. Pepala linatuluka lakuda bii. Panalibe nambala ngakhale imodzi yowerengeka. Ine ndinadziwa pomwepo chimene chachitika. Pulinta zoterezi sizigwiritsa ntchito inki, zimalemba potentha pepalalo, ndipo likakumana ndi moto wina limada lonse. A Janeti anali atasita jeketeyo ndi nsimbi yamakala, envulopu ili m'thumba momwemo. Ine ndinkazidziwa za pepalalo, koma sindinawachenjeze.

Ndinalumbira pamaso pa onse kuti manambalawo ndinawaona ndi maso anga. Anandiyankha kuti ndine mnzawo wa a Namakhwa, ndikhale pansi. Bwana wina mpaka anaseka, ati nali pepala lenilenilo likuchitira umboni kuti zinthu zinapserera. Mlandu unatha tiyi wa m'makapu awo asanazizire.

Titatuluka, a Namakhwa anandigwira dzanja kuseri kwa mulu wa nkhuni za bulugama.

"Mwanawe, izi zithere pano. Mayi a Leah anadzuka m'mamawa kukoleza makala kuti ndioneke ngati munthu pamaso pa mabwana. Akamva kuti ndi nsimbi yawo, sadzagonanso tulo. Tikawauza kuti pepala mabwana anakana kuliwerenga."

"Koma madala, wolakwa ndine."

"Nanga ndikakutukwana, nyumba ibwerera? Ingotseka pakamwa."

Anatuluka m'nyumba muja mwezi usanathe. Thirakitala ya kampani inakawatula ku Milonde, pamalo a kwawo kwa a Janeti, pamene anayamba kuumba njerwa ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Lamba uja anamusintha mwakachetechete patangopita sabata ziwiri. Ndinkapita kukawaona ndikapeza mpata. Ankalima chinangwa ndi nandolo, ankaseka ndi adzukulu, koma tiyi anasiyiratu kumwa, ndipo za kufakitale sanandifunsepo. Anamwalira mvula yachiwiri, denga la nyumbayo lisanathe.

Titachoka kumanda, a Janeti anatuma mwana wawo Leah kuti andiitane. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakati pa amayi, maso atatupa. Anasendera kufupi kuti ena asamve.

"A Phillip, inu munalipo tsiku lija. Bambo a Leah sankafuna kuikamba nkhaniyi. Ine ndinawakonzera zonse, jekete ndinasita kawiri, pathumba paja ndinakanikiza kwambiri kuti pepala lisakaoneke lokwinyika. Anthu aja analephera bwanji kungoliyang'ana? Akanangowerenga, bwenzi amuna anga alipo."

Ndinayang'ana pansi. Ndinafuna kulira mokuwa, ndinafuna kugwada n'kuulula zonse. Koma amene anandiletsa uja tinali titangomukwirira kumene.

"Anakana, mayi," ndinatero. "Sanafune n'komwe kulitsegula."

"Mulungu akawaone," anatero a Janeti, akundisisita dzanja. "Koma inu mwanawanga, munayesetsa. Zikomo."