Liwu Limene A Rufina Anakalibweza ku Domwe

A Rufina Pita anagwira userventi zaka makumi awiri ndi zinayi pachipatala china kufupi ndi Ulongwe. Ntchito yolembedwa inali kukolopa. Koma madotolo ankabwera ndi Chipwitikizi chokhachokha, ndiye wodwala akangolowa mumamva, "Dona Rufina!" Iwo n'kusiya chikolopa, n'kupukuta manja, n'kukamasulira. Sukulu analekeza kalasi yachinayi ku Fonte Boa, koma lilime linali lakuthwa, ndipo ankalinyadira mopitirira pang'ono.

Tsiku lina kunabwera a Josias, mlimi wa kachewere wa ku Domwe, mimba itatupa, maso ali chikasu. Anawaperekeza ndi akazi awo a Leonor ndi alongo awiri a bamboyo. Dotolo anali mtsikana wongochoka kumene kusukulu, wokonda kufotokoza chilichonse. Anati chiwindi chauma ndi zipsera za matenda akale. Anawonjezera kuti tizigawo ting'onoting'ono ta chiwindi timadya zokutha za m'kati mwake kuti tidzikonzenso, koma tina tikadya mafuta ake osungira timapeza mphamvu yolukira zipsera.

Mzere unali wautali, a Rufina anangodula: "Akuti chiwindi chikudyedwa m'kati."

Alongo aja anayang'anizana, kenako anayang'ana a Leonor. Kuno munthu sadyedwa popanda womudya.

Patatha sabata, a Rufina anamva pamsika kuti abale a a Josias awapatsa a Leonor mpaka Lamulungu achoke pamudzi, ati ndi mfiti, dotolo watsimikiza. Manyazi anawagwira a Rufina. Loweruka anakwera shapa, kaminibasi kolowera ku Domwe, kwinako wapansi, atanyamula juzi yakale ya ubweya.

Anapeza abale ali pakhonde, katundu wa a Leonor atamangidwa kale. Atalonjerana, a Rufina anayamba kumasula juzi ija, ulusi n'kumakulunga pachala.

"Amayi, juzi iyi ikudyedwa?" anatero a Rufina pofunsa mlongo wamkulu wa a Josias.

"Ayi, mukuimasula kuti mulukenso."

"Ndi zomwe adotolo ananena. Thupi limamasula zokutha n'kulukanso, langa, lanu, tonsefe. Kwa achimwene anuwa kwina kwalukika mfundo zolimba, ndiye zipserazo. Palibe wawadya."

"Koma munanena ndinu."

"Ndine amene. Ndinali ndi changu, ndinatola liwu lolakwika. Ngati pali wothamangitsa, thamangitsani ine."

Mayi wa imvi, wodziwika boma lonse, kudzitsutsa pamaso pa anthu! Ine wosimba nkhaniyi ndimawalemekeza pa chimenecho kuposa pa zaka zonse zija. Anakhala mpaka dzuwa kupendeka, akuyankha funso limodzimodzilo kasanu, mpaka mlongo wamng'ono anadzuka n'kukalowetsa katundu m'nyumba.

Chiwindi sichinachire. A Josias anamwalira mu Juni, kukuzizira, mutu uli pamiyendo ya akazi awo.