Funso limene azakhali sanafunse

Azakhali anga anali telala wa pakhonde la sitolo. Makina awo ankamveka msewu wonse, koma eni akewo anali osayankhulayankhula. Amuna awo ankagwira ntchito yosindikiza nyuzipepala. Tsiku lina masana apolisi anawatenga, inki ili m'manja, ndipo sanabwerenso. Azakhali sankafuna chipukuta misozi kapena kuti wina amangidwe. Ankangofuna kudziwa pomwe anawakwirira, basi.

Patapita zaka, akazembe a mayiko olemera anabwera kudzakambirana ndi boma lathu za ufulu wa anthu. A bungwe lina anapempha azakhali kuti akayankhule, ine n'kuwaperekeza. M'chipinda cha msonkhanowo munkazizira ngati m'firiji, aliyense ali ndi botolo lake la madzi.

Tinapeza mkangano utakolera kale. Kazembe wina amvekere, "Simungamatsekere anthu chifukwa cholemba maganizo awo." Nduna yathu nayo osagonja: "Ufulu woyamba ndi chakudya ndi mankhwala. Mankhwalawo mumatidulitsira ndinu, anthu athu mumawabweza pamalire, lero mukufuna kutiphunzitsa ufulu?" Kunena zoona, onse ankanena zomveka, ndipo n'zimene zimandiwawa mpaka lero.

Kenako anaitana azakhali. Mayi wa bungwe lija anali atawauza kuti nthawi ndi yochepa, kanyali kofiira kakayaka ndiye kuti yatha. Koma munthu woleredwa bwino angangofikira pa funso pamaso pa akuluakulu? Anayamba ndi moni. Anathokoza a nduna, anapepesa alendo chifukwa cha ulendo wautali, anawafunsa ngati ana anawasiya bwino kwawo. Womasulira ankangotsatira pambuyo. Atangoti, "Tsono ine amuna anga," kanyali kanayaka, maikolofoni n'kuzima.

Anthu anawaombera m'manja, abale inu. Kazembe uja anati zamukhudza kwambiri. Nduna inati mayiwa aonetsa ulemu wa anthu athu. Atatero anasainirana pangano n'kujambulitsa akumwetulira.

Tinakwera basi yobwerera kwathu. Azakhali anandigwira dzanja.

"Mwana wa achimwene, sindinakuchititse manyazi eti? Usadandaule, akadzandiitananso ndikafunsa."

Sanawaitanenso. Anabwerera pa makina awo, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu mpaka maso anasiya kuona ulusi. Tinawaika chaka chatha. Pambali pa manda awo tinasiya malo a amuna awo monga anatipempha, ndipo mpaka pano pamangomera udzu.